Che Jafali ndi Mawu Obwera m'Chisanu

Mwezi uno takwanitsa chaka china chimwalirireni apongozi anga, Che Jafali a kwa Mponda, ndipo akazi pakhomo pano ayamba kale kupeta mpunga wa sadaka. Ine gawo langa pa sadaka ndi kulonjera alendo, basi. Koma chaka chino ndati ndilembeko za iwo, poti nthawi imene munthu ankatha kuzimiririka chifukwa cha nkhani ngati iyi inapita, ndipo mwa ife amene tinakhala nawo m'kachipinda kawo ka wailesi tatsala awiri okha.

Ndinabwera pakhomo pawo ngati mkamwini, kuchokera kwathu ku Katuli, makina anga osokera nditamangirira panjinga. Ndinakwatira mwana wawo wamkazi, Patuma. Ndinkayembekezera kuti apongozi andionetsa munda woti ndizilima, monga zimakhalira. Iwo ananditengera kuseri kwa nyumba n'kundilozera waya wautali wokokera mawu a wailesi, wochoka pazenera la kachipinda kaja kukafika pamtengo wa bwemba. Anati akazi aziyanikapo zovala masana onse kuti odutsa aziyesa chingwe wamba, koma kukamacha pasapezeke chovala chonyowa, ndipo ine ndisadzayerekeze kudulapo kachidutswa komangira mpanda. Za munda anaiwala. Anangondikumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ngati kuti iwowo sanali mkamwini mnzanga amene anangokalambira pamudzi wa akazi awo.

Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosasekaseka. Khutu lakumanzere linafa kunkhondo, choncho ukamalankhula nawo ankapendeketsa mutu, ndipo alendo ankayesa kuti akuwakayikira. Nthawi zambiri ankawakayikiradi. Ankakonza matochi, nyali ndi mawailesi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo kasitomala aliyense ankayamba walandira kaye mawu asanathandizidwe: uyu chifukwa chosiya mabatire kuwolera mkati, uyo chifukwa chomenya wailesi ndi chikhatho ikasiya kulankhula. Mabatire awo akatha mphamvu ankawayanika padzuwa ngati usipa, ndipo tsoka mwana amene angatoleko limodzi. Ine sankanditchula dzina. Ndinali "a telala" mpaka tsiku lomaliza.

Za nkhondo sankakamba. Anatengedwa ali mnyamata kupita kunkhondo ya azungu, mpaka kunkhalango za ku Burma, ndipo kumeneko ntchito yawo inali yobereka wailesi kumsana. Za anzawo amene anatsala komweko sindinamvepo ngakhale dzina limodzi. Nkhani imodzi yokha ndi imene ankaibwereza, mpaka akazi awo ankaimalizira kuchokera kukhitchini. Akuti tsiku lina gulu lawo linazingidwa, ndipo iwo ankaitana anzawo amene anali kuseri kwa mapiri, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Anaitana mpaka mawu kusasa, osayankhidwa. Kenaka anayankha munthu wina ali ku India, kutali kosaneneka, akuwamva bwinobwino, ndipo ndiye anakafikitsa uthengawo kwa a kuseri kwa mapiri aja. Che Jafali anapulumuka, koma funso linawatsalira: zinatheka bwanji kuti wapafupi asamve, wakutali n'kumva?

Yankho analitenga kwa amene ankawaphunzitsa ntchitoyo, n'kulionjezera ndi zaka zawo zomvetsera. Ankalifotokoza atagwira dzungu, kapena chilichonse chozungulira chimene chinali pafupi. Dziko ndi lokhota, ankatero, ndipo mawu a wailesi oyenda pansi sakhota nalo mpaka kutali, amathera panjira. Amene amafika kutali ndi okwera kumwamba. Kupitirira mitambo, kumene ngakhale ndege sifika, kuli mpweya wopyapyala umene dzuwa limauwotcha mpaka kukhala ngati denga. Mawu akagunda dengalo amabwerera pansi, koma sagwera pomwe anachokera. Amalumpha midzi yapafupi n'kukagwera kutali. Dengalo silikhazikika. Limakwera, limatsika, limachita makwinya, ndipo mawu amamwazikana, ena kufika msanga ena mochedwa, n'kumalimbana okhaokha m'wailesi. N'chifukwa chake munthu wolankhulira kutali amamveka ngati akubwera, kenaka ngati akubwerera. Komanso dzuwa likatuluka limayala kansalu kena pansi pa dengalo, kamene kamamwa mawu a mabandi ena, njira zimene mawu a wailesi amayendamo, asanakwere n'komwe. Mabandi amenewo amafuna mdima.

Anthu a kwa Mponda ankati wailesi ya Che Jafali njonyada, za ku Bombay imamva koma za ku Blantyre imachita kunyengereredwa. A Shehe a pamzikiti wathu, amene anali mnzawo kuyambira ubwana, ankakonda kuwafunsa kuti dengalo lili pati mwa miyamba isanu ndi iwiri ija. Iwo ankayankha kuti lawolo lili m'munsi mwa yonseyo, ndi la amisiri, a Shehe asade nkhawa. Ife tinkaseka. Sitinkadziwa kuti denga limenelo lidzalamula moyo wa munthu pabanja pathu.

Munthuyo anali Abiti Saidi, mkazi wa mwana wawo. Mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekha, Twaibu, mlongo wake wa Patuma. Ankaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale, ndipo anali ndi mawu oti akamawerenga nyuzi pakhonde anthu opita kumsika ankaima. Ali mwana anagwa m'bwato n'kuthyola dzino lakutsogolo, ndiye akamalankhula pankatuluka kamluzu kakang'ono. Anakwatira Abiti Saidi, mtsikana wofatsa wa mudzi wa kutsidya kwa msewu, ndipo anali asanaone mwana pamene zinthu zinaipa. Zinali zaka zija munthu ankatha kutengedwa chifukwa chongofunsa funso pamsonkhano wa chipani. Twaibu anafunsa funso lotero. Wina womufunira zabwino anamunong'oneza kuti asagone pakhomo, ndipo anadutsira kwathu ku Katuli, kulowa m'Mozambique, n'kulunjika kumpoto.

Panapita zaka, zii. Kenaka kunabwera munthu wina wogulitsa nsalu amene ankayenda maiko a kumtunda, n'kunena kuti Twaibu anamwalira ndi malungo kutsidya kwa Ruvuma. Manda sanawaone, koma anamva kwa wina amene anawaona. Masiku amenewo uthenga wa maliro a munthu wothawa sunkabwera mwanjira ina kuposa imeneyo.

Amalume ake a Abiti Saidi, Che Mdoka, eni mbumba, sanachedwe. Anabwera m'nyengo ya mvula, atatenga a Shehe, ndipo ine ndinaitanidwa kuti ndikhalepo. Panali mmisiri wina wa matabwa wa m'tauni, munthu wabwino, wofedwa mkazi, amene anali atafunsira kale.

"Che Jafali, pepani," anatero Che Mdoka. "Mwana ndi wanu, chisoni n'chanu. Koma uyu ndi wathu. Zaka zikupita, mbumba yanga ikuuma ine ndikuona. Tiyeni timuchitire sadaka mnyamatayu, mwana wathu abindikire eda yake ya umasiye, kenaka aone kolowera."

Apongozi anasuzumira panja. Kenaka anandiuza kuti nditseke chitseko.

"Twaibu sanafe," anatero motsitsa mawu. "Ndinamumva."

"Kumaloto?"

"Pawailesi. Amawerenga nkhani za m'Chinyanja pa wailesi ya kumpoto ija, m'mamawa, tikangochoka kumzikiti ku swala ya subuhi. Dzina satchula. Koma mwana wanga ndingamusokoneze ine?"

Tonse tinaidziwa wailesi imene ankanena. Inali ya dziko loyandikana nafe, ndipo inkalankhula za boma lathu zinthu zimene kuno sitinkazinena ngakhale kubafa. Kungopezeka ukuimvera kunali kokwanira kuti banja lako likuiwale. Che Mdoka anayang'ana kuzenera asanayankhe.

"Mwamudziwira chiyani?"

"Kamluzu ka dzino lija."

"Aaa, Che Jafali! Wailesi yanuyo imaimba mluzu tsiku lonse ngati mbusa wa ng'ombe. Chabwino, tsegulani mawa timve tonse."

"Mawa simumva kanthu. Ndinamumva m'chisanu. Pano dzuwa likumatuluka iye asanayambe kuwerenga, ndipo m'mwamba mwadzadza ziphaliwali. Dikirani Juni. Nthawi yomweyo kudzakhala kudakali mdima."

"Ndiye mwana wanga adikire dzuwa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mmisiri uja sadikira."

"Mukamukwatitsa mwamuna wake ali moyo, mlandu umenewo pamaso pa Mulungu mukausenza inu kapena ine?"

A Shehe ndi amene anagamula. Anati mawu a munthu mmodzi sakwanira, makamaka akakhala bambo wake wa mwanayo, wa khutu limodzi. Pafunika mboni ziwiri zimve zokha. Adikire Juni, mawuwo akakapanda kumveka, sadaka ichitike ndipo Che Jafali asadzatsegulenso pakamwa. Onse anavomera, wina aliyense nkhope ili gwa. Amene sanavomere kanthu anali apongozi anga aakazi. Atamva kuti amuna awo anasunga nkhani yotere m'mimba miyezi yonseyo, iwo akulira mwana usiku ndi usana, anasiya kuwalankhula, ndipo chakudya ankangowaikira pakhomo ngati cha mlendo wosafunika.

Miyezi yodikira ija inali yaitali. Mudzi wonse unkadziwa kuti uthenga wa maliro unafika, ndipo unkadabwa kuti sadaka ili kuti. Tsiku lina tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anaima pamakina anga, atanyamula buluku loti ndimupindire.

"A telala," anatero akuyang'ana buluku, osati ine, "kodi apongozi anu akudikira chiyani? Kapena pali chimene akudziwa chimene ife sitikudziwa?"

Ndinati akudikira mpunga ukololedwe, poti wogula sangaukwanitse. Anagwedeza mutu n'kunena kuti n'zomveka. Atachoka ndinapeza kuti mwendo umodzi ndaupinda mofupikitsa.

Juni anafika ndi mwera wake. Tinapangana kuti tikachoka ku swala ya subuhi, a Shehe ndi Che Mdoka azipatukira kwathu ngati odzamwa tiyi, chinthu chimene palibe akanachidabwa. Abiti Saidi anabwera kudzagona kwathu ngati wodzathandiza kupuntha mpunga. Patuma tinamupatsa ntchito yosinja chimanga panja, pafupi ndi zenera, kuti phokoso la mtondo liphimbe la wailesi. M'kachipindamo amuna tinkakhala mozungulira wailesi, Abiti Saidi ndi apongozi aakazi chapakhomo, chitseko chotseka.

M'mawa woyamba munangomveka kuthetheka ngati nsomba m'mafuta. Wotsatira kunabwera nyimbo za Aluya, zochokera kwina kwake, n'kukhala pamwamba pa malo amene tinkafunawo. Che Mdoka anafunsa ngati denga lija layamba kudontha. Palibe anaseka. Ndinayang'ana apongozi akusuntha kachitsulo kosinthira masiteshoni uku ndi uku, osaleka. Aka kanali koyamba kuwaona akuopa. Ndinawamvera chisoni, ndipo mumtima ndinayamba kukhulupirira kuti mkuluyu anangomva zimene mtima wake unkafuna.

M'mawa umene zinachitika kunali kozizira koopsa, mwera utaleka. Apongozi anapendeketsa mutu, khutu lamoyo lija pafupi ndi wailesi, n'kumasuntha kachitsulo pang'onopang'ono. Munatuluka mawu a mwamuna, a Chinyanja, kutali kwambiri. Anakwera, n'kutsika, n'kumira. Che Mdoka anapukusa mutu kuti ameneyo angakhale aliyense. Apongozi anakweza chala kuti tidikire. Mawu aja anabweranso, ulendo uno akukula, akukula, mpaka anadzadza kachipinda konse, ndipo pakati pa chiganizo china tonse tinakamva kamluzu kaja. Sikanali ka wailesi. Ka wailesi sikayenda ndi mawu a munthu.

Oyamba kulankhula anali amayi ake.

"Wachita chimfine," ananong'ona. "Mwana wanga wachita chimfine."

Abiti Saidi anadzitseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, osatulutsa liwu. Che Mdoka anavula kofia, n'kuivalanso.

"Ndi yemweyo," anatero. "Walahi ndi yemweyo."

A Shehe anayamika Mulungu chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Tinamvetsera Twaibu akuwerenga za misonkhano ndi za nkhondo za maiko ena mpaka pamene kuwala kunayamba kulowa pansi pa chitseko. Apo mawu anayamba kuchepa, n'kumira, n'kusiya kuthetheka kokhakokha, monga momwe apongozi ankanenera. Panja Patuma anali akusinjabe.

Ndinayembekezera kuti Che Jafali adzitama, poti kudzitama ankakudziwa. Koma anangozimitsa wailesi. Che Mdoka ndi amene anayamba, kunena kuti basi, nkhani ya sadaka ithere pomwepo.

"Iyayi," anatero apongozi. "Sadaka ichitike Lachisanu likubwerali."

Tinawayang'ana ngati asokonezeka mutu.

"Mudzi wonse ukudziwa kuti tikudikira mpunga. Mpunga wakololedwa. Tikati sadaka kulibe, afunsa kuti tamva chiyani, ndipo tamva kuti. Akadziwa kuti mwana wa pakhomo pano ndi amene amalankhula pa wailesi ija, pano sipatsala ngakhale nkhuku. Inunso Che Mdoka, ndinu apongozi ake. Ndinkafuna kuti inu mudziwe, osati boma."

A Shehe ndi amene anapeza njira. Anati swala ya maliro sangamuswalire munthu wamoyo, zimenezo ayi. Koma kudyetsa anthu ndi kupempherera munthu n'kololedwa, kaya ali moyo kaya anapita, ndipo Mwini wake amadziwa amene ali kuti. Anati mawu a duwa, pemphero la pasadakapo, adzawasankha okha.

Lachisanu limenelo sindidzaliiwala. Tinapha mbuzi, mpunga unaphikidwa m'miphika yobwereka, anthu anadzadza bwalo mpaka kumsewu. Che Jafali anakhala pampando atavala kanzu yoyera, akulandira "pepani" wa munthu aliyense, n'kumayankha kuti zonse n'za Mulungu. A Shehe anapempha kuti Mulungu amuchitire chifundo Twaibu kumene ali, amufewetsere malo ake, ndipo anthu anavomera amina osazindikira kanthu. Tcheyamani uja anabwera, anadya bwino, n'kugwira apongozi dzanja kunena kuti zakale zapita, mwanayo anangosocheretsedwa ndi anzake. Apongozi anathokoza. Abiti Saidi anabindikira eda yake yonse, miyezi inayi ndi masiku ake, ngati wamasiye weniweni.

Eda itatha mmisiri wa matabwa anabweranso, ndipo Che Mdoka, amene anaikokera nkhaniyi poyamba, ndi amene anachita kumupezera zifukwa zomubwezera. Anabweranso ena, nawonso anabwezedwa. Anthu anayamba kunena kuti Abiti Saidi ngwonyada, ena kuti anamuchita mankhwala. A Shehe, kunena zoona, anamuitanira pambali n'kumuuza kuti chipembedzo sichimanga mkazi wosiyidwa mpaka kalekale, ndipo akafuna angathe kuuthetsa ukwatiwo mwakachetechete. Iye anakana.

"Ndamumva ndi makutu angawa," anatero. "Ndikwatiwe bwanji munthu akupuma?"

Apa ndi pamene ndimawakwiyira apongozi anga mpaka lero, ngakhale ndinkawakonda. Chisanu chilichonse chikafika ankatuma Patuma kukamuitana. Mkazi uja ankabwera, n'kukhala chapakhomo paja, kumvera mwamuna wake akuwerenga za mitengo ya khofi ndi maulendo a nduna za maiko ena, popanda liwu limodzi la iye. Wailesi ili ndi pakamwa, makutu ilibe. Panalibe njira yomuuzira Twaibu kuti kuno kuli munthu akukalamba chifukwa cha iye. Apongozi ankamuuza Abiti Saidi kuti zinthu zisintha, mwamuna wake abwera, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankanena ndi mtima woona, koma amene ankalipira kudekhako sanali iwo.

Kenaka chisanu china mawu a Twaibu sanabwere. Wailesi ya kumpoto ija inkamveka mwapatalipatali, moti sukanatha kudziwa amene akuwerenga. Apongozi anati dzuwa nalo lili ndi zaka zake: zaka zina limakhala laukali, dengalo n'kulimba, zaka zina limafooka, dengalo n'kupyapyala, ndipo mawu amadutsa osabwerera, kapena amalumpha ife n'kukagwera kwina. Anatalikitsa waya. Anasakasaka pa mabandi ena. Chisanu chotsatira chimodzimodzi, ndi chinanso. Zimene ankanena za dzuwazo zinali zoona, ndipo n'chimene chinaipitsa zinthu, chifukwa munthu wodziwa za kumwamba sasowa chonamizira. Akazi awo anamwalira m'zaka zodikira zimenezo. Che Mdoka nawonso anapita. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Baba," ndinatero, "mwina vuto si denga."

Sanandilankhule Ramadhani yonse ya chaka chimenecho.

Atakalamba kwambiri, zala zitayamba kukana, ankandiitana kuti ndiziwasinthira kachitsulo kaja iwo akulamula. M'chisanu chawo chomaliza, m'mawa wina, tili awiri, wailesi ya kumpoto inalowa mwa njira imene sindinaimvepo. Kunalibe kuthetheka, kunalibe kukwera ndi kutsika. Tinkamva mpaka pepala likamatembenuzidwa. Nkhani za m'Chinyanja zinawerengedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo wowerenga anali mnyamata wina wa mawu opyapyala. Mawa lake chimodzimodzi, kumwamba kotseguka, mnyamata yemweyo. Apongozi anamvetsera mpaka nyimbo yotsekera.

"Zimitsani, a telala," anatero. "Lero kumwamba kulibe mlandu."

Ndinayesa kuwatonthoza kuti mwina Twaibu anangosintha ntchito. Anapukusa mutu.

"Akanakhala moyo sakanasiya kuwerenga. Ankadziwa kuti ndimamvera."

Anavala kanzu n'kundiuza kuti ndiwagwire mkono. Tinawoloka msewu pang'onopang'ono mpaka kwa Abiti Saidi. Tinamupeza akuwamba nsomba kuseri kwa nyumba, imvi zikuonekera m'mphepete mwa mpango. Anatipatsa mipando, iye n'kugwada poteropo. Apongozi anakana mpando, anakhala pansi.

"Mayi," anatero, "ndabwera kudzakumasulani. Ndakusungani pachabe. Sindikudziwa kuti anapita liti, koma anapita."

Abiti Saidi anasonkhezera moto.

"Baba, ine ndinadziwa kale. Chisanu chachiwiri chija ndinadziwa."

"Nanga munkabwereranji?"

"Mukanakhala ndi ndani m'kachipinda muja?"

Apongozi anaweramitsa mutu. Iye anatembenuza nsomba imodzi imene inkapsa, kenaka anafunsa, osati mokwiya:

"Ndiye timulirire kuti, baba? Sadaka tinadya kale."

Sadaka yachiwiri ikanadzutsa funso lomwe lija limene tinalikwirira ndi yoyamba, ndipo nthawi zinali zisanasinthe. Munthu amene mudzi wonse unamupepesera kalekale sungayambe kumulira lero popanda kufotokoza. Tinabwerera kunyumba. Zinthu zitasintha m'dziko muno, anthu othawa atayamba kubwerera, tinamva kwa mmodzi wa iwo kuti Twaibu anamwaliradi ndi matenda a chifuwa, chaka chomwe mawu ake anasowa. Koma apongozi anga uthenga umenewo sunawapeze. Anamwalira chaka chomwe tinapita kwa Abiti Saidi chija, m'nyengo yotentha, mvula isanagwe.

Pamaliro pawo, ife amuna titanyamula jeneza kupita kumanda, Abiti Saidi sanakhale ndi akazi anzake m'nyumba yaikulu. Patuma anandiuza kuti analowa m'kachipinda ka wailesi, n'kulira kulira kumene sanakuonepo, kofuula, kosatonthozeka, mpaka mawu kutha. Akazi achikulire anapita kukamudzudzula kuti kulira kotero n'kosaloledwa, ndipo ena anang'ung'udza kuti mpongozi angalire bwanji kuposa mwana wobereka. Patuma anaima pachitseko n'kuwauza kuti amusiye. Iye ankadziwa kuti maliro anali awiri.

Kachipindako kalipobe. Wailesi anaitenga mdzukulu wina kupita nayo ku Lilongwe, ndipo sindikudziwa ngati imalankhulabe. Tsopano timasungiramo makasu ndi matumba a gaga, ndipo mumanunkha mbewa. Pakhoma, chakumanja kwa zenera, pali banga lakuda losalala pomwe mutu wawo unkatsamira, ndipo tapakapo laimu kangapo koma limatulukirabe. Pansi pali kadzenje kamene chidendene chawo chinakumba m'zaka zonse zija. Chapakhomo, pomwe ankakhala Abiti Saidi, palibe chizindikiro chilichonse. Ankabwera ndi mkeka wake, n'kubwerera nawo.